Isale la a Urasa

Ngalande ya kwa Urasa inali ndi chilema chimodzi, ndipo chilemacho ndi chimene chinkadyetsa Aikande. Madzi akatsika kuphiri n'kufika kumtunda kwa munda wake ankakumana ndi thanthwe, ngalande n'kukhota kulizungulira. Pokhotapo inkachucha. Sikunali kuchucha koti munthu n'kutchera ndowa ayi, koma dothi la m'munsi mwake silinkauma chaka chonse. Nthochi za Aikande zinkamwa pamenepo, khofi ndi koko zinkamwa pamenepo, udzu wa ng'ombe yake ya m'khola unkameranso pomwepo.

Madzi ena analibe. Madzi a ngalande ndi a amuna. Mwamuna aliyense ali ndi tsiku lake lotsegulira m'munda mwake, ndipo mkazi sagwira khasu pangalande, saponda n'komwe m'menemo. Ndewirio, mwamuna wa Aikande, atamwalira, tsiku lake la Lachinayi linapita kwa mng'ono wake Eliamini Urasa, poti Aikande anabereka ana aakazi okhaokha. Anthu onse anati ndiwo mwambo. Palibe anafunsa ngati nthochi za mkazi wamasiye zimamwa mwambo. Eliamini anakhala ndi masiku awiri, nthochi zake zinanenepa, mwini wake ananenepa kuposa nthochizo.

Patapita zaka boma linalengeza kuti lili ndi ndalama za chitukuko zopereka kwa mabungwe a m'midzi, aja osachita malonda, malinga ngati ntchitoyo aiganiza okha eni mudzi ndipo aitsogolera okha. Amuna a ngalande sanachedwe. Ngalande imene makolo anakumba popanda wapampando inasanduka bungwe la dzina lalitali ndi chidindo, ndipo chidindocho chinkakhala m'thumba la jekete la Eliamini. Boma linatinso m'komiti mukhale amayi. Anatola Aikande ndi Mkunde, wamasiye mnzake wa kumunsi kwa tchalitchi, ati poti amasiye ali ndi nthawi yambiri. Ntchito yawo m'komitimo inali kuphikira alendo ndi kuima kutsogolo pojambulitsa.

Chimene amunawo anapempha chinali mapaipi. Madzi akutayika m'njira, iwo anatero, tiwatsekere mu paipi kuti afike onse kwa eni masiku. Aikande anawamva mawu akuti "akutayika" ali kukhitchini ya tchalitchi akusenda nthochi za alendo, ndipo mpeni unaima m'manja. Kumene madziwo ankatayikira ankakudziwa bwino.

Ndalama zinatuluka, ndipo posakhalitsa Aikande anapeza zikhomo zopaka penti wofiira m'munda mwake. Paipi sinkafuna kukhota ngati ngalande. Inkayenera kudula molunjika pampata wopapatiza pakati pa thanthwe ndi phompho, kenako pakati pa nthochi zake, khota lakale lija n'kulikwirira. Njira ina panalibe, kumanja mwala wosasweka, kumanzere phompho. Aikande anazula zikhomozo n'kuphikira nyemba. Anakhomanso zina, iye anazulanso. Pamsonkhano wa bungwe anasiya mphika pamoto, n'kukaima pakati pa amuna ndi mpeni wosendera uli m'manja, n'kumutchula mlamu wake kuti wakuba madzi a akufa.

Panalinso Mayi Kagaruki, ofisala wa boma woyendera mabungwe, munthu wotopa wa nsapato zamatope amene anali atamva kale mikangano ya midzi yambiri.

"Munda ndi wa mwini," iwo anatero. "Akakana, paipi sidutsa. Ndipo Juni akatha musanakumbe, ndalama zibwerera, zikapatsidwe mudzi wina. Musandiyang'ane choncho, lamulolo sindinapange ine."

Kuchokera tsiku limenelo benchi ya Aikande kutchalitchi inakhala ndi malo ambiri. Wogula mkaka anayamba kudutsa njira ina. Chowawa kwambiri n'chakuti ambiri mwa omukwiyirawo sankalakwa. A kumunsi madzi ankawafika ochepa ndithu, ndipo paipi ikanawapulumutsa. Aikande ankazidziwa zimenezo, zinkamudya mumtima, koma sankaona chifukwa choti mudzi wonse ukhute pouma pa munda wake.

Ndiye Eliamini anakumbukira isale.

Pano munthu akalakwira mnzake, kapena akafuna chinthu chimene mnzake wakanitsitsa, amathyola tsamba limodzi la kamtengo kotchedwa isale, n'kulimanga mfundo, n'kukalipereka m'manja. Tsamba limenelo silikanidwa. Wokana amaitanira tsoka ana ake ndi ana a ana ake. Abusa amalalikira kuti zimenezo ndi zakale, koma abusa omwewo sanamvekepo kuti akana isale. Tsamba limodzi limakwanira, lobisika m'chikhatho, loperekedwa mwakachetechete kuseri kwa nyumba.

Koma Eliamini sanali munthu wa kuseri kwa nyumba. Zinthu zazing'ono zinkamunyansa. Anapita pamanda a bambo ake, malemu Ndesario, pamene masale amamera mothinana, n'kuthyola nsonga yonse ndi phesi lomwe, yaitali ngati mkono. Anamanga mfundo tsamba limodzi la pamwamba, anaikoleka paphewa, n'kuyenda nayo mumsewu waukulu m'mawa wa tsiku la msika kuti aliyense aone kudzichepetsa kwa wapampando.

Anamupeza Aikande akuduladula thunthu la nthochi kuti adyetse ng'ombe, Mkunde atakhala pambali akusankha nyemba. Aikande ataona chimene chili paphewapo, maganizo ake anathamangira ku Arusha. Ndeshi, mwana wake wamkulu wa ku Arusha, anali ndi pakati potopa.

"Alamu, mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka. Kaya inu ndi nkhalango mwanyamulayo."

"Si nkhalango, ndi isale la pamanda a apongozi anu." Eliamini anagwada bondo limodzi, atayang'ana kaye pouma. "Ndabwera kudzapepesa ngati ndinakulakwirani. Mkangano uthe. Ndikupempha zitatu basi. Zikhomo musazulenso. Anthu okumba musawatsekereze. Ndipo pankhani ya madziyi musayankhulenso pagulu, mwatichititsa manyazi mokwanira."

"Nanga nthochi zanga?"

"Mulungu ndi amene amadziwa za nthochi, alamu. Mvula ilipo."

Aikande akanakhala yekha padziko akanamumenya nalo kumaso isalelo. Koma anaganiza za Ndeshi ndi kamwana kosabadwa kaja, ndipo anapukuta manja m'chitenje n'kulandira ndi manja awiri.

"Ndalandira."

"Amayi a Ndeshi ndi munthu womva," Eliamini anauza Mkunde, akusasa bondo. Anatuluka akuimba kale foni, kuuza Mayi Kagaruki kuti mwini munda wavomera.

Aikande analira, osati kulira kwa chisoni koma kwa ukali wosowa pougwetsera. Mkunde anamusiya alire, kenako anati:

"Koma alamu akowa! Tsamba limodzi silikanakwana? Ndiye chimtengo ichi uchisomeka pati? Padenga sichikwana."

Zinali zoona. Isale lolandiridwa silitayidwa kudzala, amalisomeka padenga mkati mwa nyumba mpaka liume lokha. Aikande analitembenuza m'manja. Phesi lake linali lonenepa, lanthete, pothyokapo pakutuluka madzi. Wina aliyense wobadwira m'phiri muno amadziwa kuti phesi la isale silifuna kunyengerera, ukangolizika pachinyontho lagwira. Amadziwanso chinthu china, kuti isale lobzalidwa ndi malire kapena manda, ndipo salizula munthu wina koma amene analibzala.

Misozi inaleka. Anatenga khasu.

"Iwe Aikande, ukupita kuti?"

"Kukasunga mphatso ya alamu."

"Ayi mnzanga, ayi! Ine sindinaone, ndinali pa nyemba."

Anaona ndithu, ndipo ndi iyeyo amene anatunga madzi othirira. Analibzala pampata paja, pakati penipeni pa thanthwe ndi phompho, pakati pa zikhomo ziwiri zofiira zimene Aikande sanazikhudze n'komwe.

Mvula ya Meyi inachita mbali yake. Eliamini sanapondenso kumeneko, anali kalikiliki kupita ku Moshi kukasankha mapaipi ndi kukasoketsa suti ya tsiku lotsegulira. Wogula mkaka anabwerera. Kutchalitchi amayi anayamba kumusendereranso Aikande, ena akumusisita pamkono kuti wachita bwino kugonja. Iye ankangoti zikomo.

Mvula itachepa, Juni ali pakati, amuna anayamba kukumba kuchokera kumtunda. Lachinayi lina m'mawa anafika pampata paja, Eliamini ali patsogolo ndi Mayi Kagaruki, akuwalozera ndi ambulera mmene paipi idzayendere. Kumbuyo kunali akuluakulu a ngalande ndi khamu la ongoonerera. Nyimbo ya okumba inangozima. Wa piki wa patsogolo anatsitsa piki wake pang'onopang'ono n'kubwerera m'mbuyo.

Isale linali litaima pakati pa njira, litaphuka masamba atsopano obiriwira. Tsamba la mfundo lija linali pomwepo, litafota koma mfundo ili chimangire. Chapafupi, pansi pa nthochi, Aikande anali atakhala pakampando akusenda nthochi zamasana.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa Mayi Kagaruki. Iwo anali a kunyanja, kwawo masale ndi maluwa a pakhonde. "Kamtengo aka? Zulani mukabzale apo."

Palibe anasuntha.

"Bambo inu a piki?"

"Mayi, ine ndili ndi ana."

"Nanga inu?"

"Ine msana, mayi. Wandiyamba pompano."

"Msana umenewo dzana unanyamula mgolo wa mowa wa mbege," wina anatero kumbuyo, anthu n'kuseka chamumtima.

"Chabwino, a wapampando, tithandizeni. Nthawi ikupita."

Eliamini anali atalizindikira kale. Nkhope yake inali itachita mdima. Anapereka ambulera kwa wina, anapinda manja a jekete, anawerama n'kugwira phesi lija. Linali isale la pamanda a bambo ake, amene analamulira ngalande imeneyi moyo wawo wonse, lothyoledwa ndi dzanja lake lomwe, ndipo mudzi wonse unamuona akuyenda nalo mumsewu. Anagwira, anagwirabe. Thukuta linatsika m'khosi mpaka pa kolala. Kenako zala zinatseguka zokha.

"Alamu!" anakuwa. "Mwachita chiyani apa?"

Aikande anasenda nthochi, anaiponya m'beseni, anatenga ina.

"Ndikulankhula ndi inu, amayi a Ndeshi!"

Nthochi ina m'beseni.

Mkunde ndi amene anayankha, ali m'khamu. "Munawaletsa kuyankhula pagulu, a wapampando. Ndinalipo. Zikhomo zanu ndi izo, sanazule. Anthu anu sakuwatsekereza, akhala uko. Mphatso yanu aisamala, taonani mmene yakondwera."

Apa kuseka kunaphulika poyera. Eliamini anayang'ana kwa akuluakulu, akuluakulu anayang'ana kuphiri.

"Ndakumasulani," anatero pomaliza, akukukuta mano. "Yankhulani. Mukufuna chiyani?"

Aikande anaika mpeni pansi, anasamba m'manja mosafulumira, n'kuimirira.

"Tsiku la Ndewirio."

"Tikuikirani mpopi pakhomo. Wanuwanu, wa madzi akumwa, wochapira, waulere. Mayi a boma ndi awa, amve."

"Ng'ombe yanga sidya sopo. Ndati Lachinayi. Ndipo Mkunde tsiku la mwamuna wake, ndi wamasiye aliyense amene tsiku lake linamezedwa ndi alamu ake."

M'khamu muja amuna angapo anayamba kukanda m'mutu. Mmodzi mwa akuluakulu anagogoda pansi ndi ndodo. "Mwana wanga, mkazi sagwira ngalande. Sitinayambe ife zimenezo."

"Ngalandeyo mukuikwirira ndinu, bambo, si ine. Mwaigulitsa ndi mapaipi. Pokwirira simunafunse makolo, koma pondipatsa madzi ndiye mwawakumbukira? Munandilemba m'komiti kuti boma lione nkhope ya mkazi. Nkhopeyo ndi iyi, ili ndi pakamwa, ndipo ili ndi ludzu."

Eliamini anatembenukira kwa Mayi Kagaruki. "Mayi, boma lingalole kuti chitukuko cha mudzi wonse chiime chifukwa cha munthu mmodzi?"

"Boma linapereka ndalama ku ntchito yotsogoleredwa ndi eni mudzi," anatero mayiwo, akupala matope a nsapato pamwala. "Munatiuza nokha kuti amayi akutsogolera nawo. Ine sindizula mitengo ya anthu, ndiponso sindigawa masiku. Ndingokuuzani kuti kuseri kwa phiri kuli mudzi umene ukundiimbira foni tsiku ndi tsiku."

Apa ndi pamene a kumunsi anayamba kung'ung'udza, ndipo ulendo uno sankang'ung'udzira Aikande. "Apatseni tsiku lawo!" "Masiku awiri mukumwa ndi mimba zingati?" "Ife tiphonye paipi chifukwa cha nthochi zanu, a Urasa?" Aikande anamva mawu a anthu omwe aja ankamuthawa pabenchi, ndipo sanawakhululukire msanga mumtima mwake, koma anawalandira.

Eliamini anakweza manja. "Chabwino! Chabwino. Paipi ikatha, komiti idzakhala pansi, tidzaona mmene..."

"Ayi."

"Ndavomera, alamu, mukufunanso chiyani?"

"Za ‘tidzaona’ ndinazimva pamaliro a mkulu wanu. Lero ndi lachingati?"

Wa piki uja ndi amene anayankha, motsitsa mawu, ngati akuulula mlandu. "Lachinayi."

"Ndiye madzi a lero ndi anga. Nenani pamaso pa anthuwa ndi pamaso pa isale la bambo anu."

Eliamini anayang'ana isale, anayang'ana mapaipi ataunjikidwa kumtunda, akuda, atsopano, osankha yekha. Mawu anatuluka ngati akuwazula ndi mizu.

"Ndi anu. Lachinayi ndi lanu. Enawonso atenge masiku awo."

Aikande sanathokoze. Anapita kwa mmodzi wa okumba n'kutambasula dzanja, ndipo mwamunayo anamupatsa khasu asanaganize. Anakwera kamtunda kopita pakhota paja, khamu likumutsata patali. Pamenepo panali potsegulira pa Ndewirio, potsekedwa ndi miyala ndi zibuma, pomera udzu wa zaka zonse zija. Pofika m'mphepete mwa ngalande anaima. Ankaopa ndithu, mantha enieni a kuubwana, a zonse zimene anauzidwa kuti zimagwera mkazi woponda m'menemo. Anaganizanso za Ndeshi. Kenako anaganiza kuti Ndeshi nayenso akhoza kubereka ana aakazi okhaokha.

Anavula nsapato, anakwinya chitenje, n'kuponda.

Madzi a kuphiri anamuluma m'mapazi ndi kuzizira kwake, ndipo china chimene chinachitika palibe. Mayi wina anakuwa kuti Yesu. Mkulu wa ndodo uja anatembenuka n'kuyang'ana kumbali. Aikande anakweza khasu n'kutema chibuma choyamba, chachiwiri, anagudubuza mwala ndi manja. Madzi anazengereza pang'ono, kenako anakhamukira m'kanjira kakale, akukankha masamba ouma, kutsika mpaka pamizu ya nthochi zake. Sikunali kuchucha tsopano. Anaima m'madzimo mpaka anamva phokoso lake likufika kumunsi kwa munda, ndipo chimwemwe chimene chinamugwira chinali chaukali, chosafuna kusekerera aliyense.

Atatuluka anatsikira pampata paja ndi mapazi amatope. Anakumba mozungulira isale mosamala, analinyamula ndi dothi lake lomwe, n'kudutsa nalo pamaso pa Eliamini. Iye anatambasula manja, akuyesa kuti akumubwezera.

"Ayi alamu, munandipatsa."

Anafunsa wa piki pamene padzakhale chotsegulira madzi a m'munda mwake paipi ikadzadutsa. Atamulozera, anakumba dzenje pambali pake n'kulibzala pomwepo, tsamba la mfundo likuyang'ana kunjira kumene komiti imadutsa. Anapondaponda dothi ndi chidendene.

"Kumbani tsopano," anauza amunawo. "Musandipondere koko."

Mapiki anayambanso kulira. Mkunde anabwera pafupi, maso ali pa mapazi a mnzake ngati akuyembekeza kuti asanduka china.

"Sukumva kalikonse? Chizungulire? Kutentha?"

"Kuzizira basi. Tsiku la amuna ako linali liti?"

"Loweruka."

"Loweruka ulawire. Ndipo ubwere ndi khasu lako, ili ndi la eni."